Kapepala ka Piritsi m'Chikwama cha Doña Amparo

Lolemba m'mawa, Sajeni Celestino Barradas atangolowa pa polisi, anapeza mayi wina ali khale pa benchi, atavalabe diresi loyera la ku gule, duwa lofota lili m'tsitsi. Anawazindikira nthawi yomweyo. Kodi alipo kuno ku doko la Veracruz amene sadziwa Doña Amparo Tiburcio, telala uja amene amavina danzón pabwalo la pakati pa tauni Lamlungu lililonse dzuwa likapendeka? Amuna awo, Don Fulgencio Lagunes, anatha zaka makumi atatu akutsitsa katundu m'sitima, koma akawagwira m'chiuno mayiwa n'kuyamba kuyenda nawo pang'onopang'ono, ngakhale wootcha chimanga amaiwala kukupiza moto.

Dzulo lake Don Fulgencio anagwa pabwalo pomwepo nyimbo ili mkati. Tsopano anali gone m'chipatala osadziwa kanthu, ndipo akazi awo anali atagona pa benchi ya polisi.

Amene anawasumira anali Nereida, mwana wa Don Fulgencio wa kwa malemu mkazi wawo woyamba. Anali atathamanga kuchokera ku Xalapa komwe amaphunzitsa sukulu, ndipo ankayankhula chiimirire ngati ali m'kalasi.

"Sajeni, ine sindikonda kubwereza. Bambo anga amadwala mtima. Amene timadziwa zimenezi ndife atatu: ine, dokotala, ndi mayi ali panjawo. Dokotala wanena yekha kuti wina anawamwetsa piritsi la buluu lija, la mphamvu za amuna. Munthu wa mtima! Ndiye ine ndatsegula chikwama chawo kufuna makiyi a nyumba, ndapeza ichi."

Anaponya pa tebulo kapepala konyezimira kamene mumakhala piritsi limodzi. Kanali kobooka, mulibe kanthu.

"Akwatirana chaka chimodzi chokha, ndipo nyumba ija ndi ya mayi anga," anatero Nereida. "Chonde musandiuze kuti ndikulota."

Celestino sanamuuze choncho. Anaona kuti mtsikanayo maso anali atatupa ndi kulira, ndipo anamumvera chisoni. Anaimbira dokotala foni, ndipo dokotalayo ananena zomwezo koma mozizira: piritsi la buluu limatsegula mitsempha ya magazi, kapiritsi ka mtima koika pansi pa lilime nakonso kamatsegula, ndiye ziwirizi zikakumana m'thupi limodzi, kuthamanga kwa magazi kumatsikiratu. Bambowo apulumukira mkamwa mwa imfa, ngati apulumukedi.

"Adzuka?"

"Mwina lero. Mwina osadzukanso."

Mkulu wa polisi anasuzumira pakhomo. "Barradas, mawa m'mawa nkhaniyi ipita kwa woimira boma pa milandu. Ikangopita, mayiwo akadikirira mlandu wawo kundende. Uli ndi tsiku la lero lokha."

* * *

"Bwana, ndifunseni chilichonse," anatero Doña Amparo, manja ali pa maondo. "Koma ndiuzeni kaye, kodi alipo wawafunditsa mapazi? Amazizidwa mapazi bambo aja, ngakhale kuno kotentha chonchi."

Celestino anawalonjeza kuti afunsa. Anawapatsa khofi wa mkaka, koma anangomufumbata osamwa.

Mayiwo anafotokoza mwakachetechete, ngati munthu wosoka chovala cha maliro. Dzulo linali tsiku lokumbukira ukwati wawo, chaka chimodzi chathunthu. Atadya masana, Don Fulgencio anapita kukameta kwa Don Nabor ndi kusewerako domino, monga amachitira Lamlungu lililonse. Anabwerako cha m'ma foloko akununkhira, koma nkhope ili psuu, ndipo ankaseka zinthu zosaseketsa. Anavala malaya awo oyera a matumba anayi, n'kupita ku gule.

"Nyimbo yachiwiri ili mkati ndinamva dzanja lawo likulemera pamsana panga. Akuti, 'Amparo, chifuwa.' Ndinawakhazika pa benchi, ndinatulutsa kachitini ka mapiritsi a mtima m'chikwama, ndinawaika kapiritsi pansi pa lilime monga adokotala anandiphunzitsira. Ndachitapo kasanu zimenezi, bwana, ndipo nthawi zonse amatsitsimuka. Koma dzulo anangondiyang'ana, kenako khwefu, pansi."

"Nanga kapepala aka?"

"Sindikadziwa. A ambulansi anawadula malaya ndi sizasi n'kuwataya pansi. Malaya osoka ndekha! Ndinawatola, zonse za m'matumba ndinakhuthulira m'chikwama changa, chipeso, kampango, makiyi. Ndikanayang'ana nthawi yanji?"

Celestino anakanda m'mutu. Panatsala funso limodzi.

"Mundikhululukire, Doña Amparo, ndi ntchito. Kodi kuchipindako kunali vuto?"

Mayiwo anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba milomo yawo inafuna kumwetulira.

"Vuto lanji, mwana wanga? Kunalibe vuto lililonse. Lembani choncho, ndipo mulembe ndi zilembo zikuluzikulu."

"Anzawo a ku domino amadziwa za mtimawu?"

"Iii, ayi! Anandilumbiritsa. Akuti munthu amene ananyamula matumba a khofi moyo wake wonse asamveke kuti akuyendera kachitini." Misozi inayamba kutsika. "Bwana, kundende sindikuopa. Ndikuopa kuti adzuka n'kupeza palibe, kapena apita ine ndili pa benchi pano."

Atabwerera mu ofesi, Celestino anapita ndi kapepala kaja pawindo. Kanali kodulidwa pa mzere wa mapiritsi ambiri, koma osati mowongoka. Amene anakadula anazunguliza sizasi mwaluso, n'kusiya m'mbali mosalala ngati akukonza ndevu za mkwati. Ndipo m'kabowo momwe munali piritsi munakakamira tizidutswa ta tsitsi la imvi, tating'ono ngati fumbi.

Doña Amparo tsitsi lawo linali lakuda bii, lalitali.

* * *

Sitolo ya mankhwala ya mumsewu wa a Lagunes ndi ya Doña Chelo, mayi amene pakamwa pake sipapuma ngakhale akuwerenga kalata ya dokotala.

"Amparo? Agule za buluu? Asa! Mayi uja amagula mafuta opaka maondo basi. Amene wamutsekera afunika kumuyeza mutu."

"Nanga amagula ndani?"

"Sajeni inu, mufunse amene sagula, mwina tingamalize msanga. Madalaivala, aphunzitsi, amalinyero. Anyamata a zaka makumi awiri, magazi ali owira, Loweruka asanapite kokavina amabwera pano chipewa chili m'maso. Wodwala weniweni mwina mmodzi pa khumi. Enawo angofuna kuti mawa akadzitame. Ndipo onse mawu ake ndi amodzi: 'N'za amalume.' Koma abale, amalume a mu Veracruz muno akuvutika!" Anatsamira pa kauntala, maso akuphethira. "Inunso amalume anu aja ali bwanji? Papita nthawi."

Celestino anamva makutu akutentha. Tisanamizane, ife amuna a kuno tikhoza kulowa m'nyumba yoyaka moto osaphethira, koma mayi wa m'sitolo ya mankhwala akatiyang'ana timasanduka ana. Anakhosomola n'kutulutsa kapepala kaja.

"Mumadula chonchi?"

Doña Chelo anavala magalasi. "Ine ndimatsata timadontho, n'kudula tswii, mowongoka. Uyu ndi munthu wa sizasi m'manja tsiku lonse. Ndipo pano amene amatenga mzere wathunthu ndi mmodzi yekha. Yekhayo ndi amene sanamizira amalume, amangoti n'za ku domino."

"Ndani?"

"Nabor Uscanga, wometa uja. Kompadre wa Fulgencio, kunena kuti anapalana ubale wa ku tchalitchi. Si ndiye ananyamula Nereida pa ubatizo?"

* * *

Mometera mwa Don Nabor muli mpando umodzi wozungulira, galasi lothimbirira, ndi tebulo la domino pakona, pansi pa fani. Celestino anafika dzuwa lili paliwombo. Pa tebulopo panali amuna awiri achikulire, ndipo mpando wa Don Fulgencio unali wopanda munthu. Don Nabor mwini wake, bambo wamfupi wa dazi, ankasesa pansi pomwe panali posesa kale.

"Dzulo Don Fulgencio anali muno?"

"Anali muno, Sajeni. Ndinamumeta, tinasewera, anapita." Don Nabor sanadzutse mutu.

"Anamwa chilichonse?"

"Khofi."

"Piritsi?"

"Piritsi lanji?" anatero mmodzi wa a pa tebulo, bambo wa ndevu zopota. "Muno mulibe odwala, bwana. Ine ana asanu ndi anayi, afunseni akazi anga."

"Ine zimenezo ndimangozimva pa wailesi," anatero winayo, akusakaniza madomino mwaphokoso.

Celestino anawayang'ana onse atatu. Akanatha kuwaopseza, akanatha kugwedeza unyolo, koma ankawadziwa amuna a mtundu umenewu chifukwa nayenso anali mmodzi wa iwo. Ukawakankha amalimba ngati chitseko chotupa ndi mvula, ndipo dzuwa likanalowa mayi aja adakali pa benchi.

Anatseka chitseko. Anakoka mpando wa Don Fulgencio n'kukhalapo. Kenako anatulutsa kachikwama ka m'thumba, anapisa kuseri kwa chithunzi cha akazi ake, n'kuika piritsi la buluu pakati pa madomino.

"Ili ndi langa," anatero. "Si la amalume. Amalume anga anamwalira ndili kusukulu. Sindidwala kanthu. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo ndimamwa chifukwa ndimaopa kuti tsiku lina mkazi wanga Ofelia adzaona kuti ndayamba kukalamba. Iye sadziwa. Palibe amene ndinamuuzapo, ndinu oyamba."

Kenako anatembenukira kwa Don Nabor.

"Tsopano ndikuuzeni zimene inu simukudziwa. Mnzanuyo amadwala mtima. Chaka chachitatu tsopano. Akazi ake amamuyendera ndi kachitini ka mapiritsi m'chikwama, ndipo mapiritsi amenewo akakumana ndi ili, munthu amagwa."

Tsache linagwa m'manja mwa Don Nabor.

"Mtima? Mtima wanji? Fulgencio?" anatero. "Munthu amene mwezi watha ananyamula yekha firiji yanga? Ayi, Sajeni, mukunama. Akanandiuza. Ine ndine kompadre wake!"

"Anabisira inu za mtima, n'kubisira akazi ake za piritsi. Aliyense anadziwa theka."

Don Nabor anakhala pansi penipeni, pa tsitsi lomwe anasesa lija, n'kuyamba kulira ngati mwana. Nkhani inatuluka modukaduka. Pa tebulo limenelo anali ndi mwambo wawo. Wina likamukwanira tsiku lobadwa kapena la ukwati, Don Nabor ankadula piritsi limodzi n'kulibisa pansi pa domino ya sikisi-sikisi. Mwini tsikulo akaitembenuza, ankayenera kumeza pomwepo onse akuona, anzake akuwomba m'manja ndi kumenya tebulo. Chinali chisangalalo chabe, mphatso ya amuna okhaokha.

"Anakana, Sajeni. Kawiri konse anakana. Akuti, 'Kompadre, ine sindifuna zothandizira.' Ndiye tinayamba kumuseka."

"Ndine ndinayambitsa," anatero wa ndevu zopota uja, mawu atatsika. "Ndinati mkazi wokongola ngati Amparo amuthawira kwa woimba lipenga. Ndinati mwina akuopa kuti mtima umuphulika. Ndimangoseka ine! Atangomva mawu oti mtima, analitola n'kumeza, kapepala n'kuika m'thumba."

"Ndiye kuyambira dzulo muli chete, mayi wosalakwa atagona pa benchi ya polisi?"

"Timaganiza kuti ndi zina zimene zamugwetsa," anatero Don Nabor. "Ayi, ndikunama. Ndinakayikira. Koma Nereida ndinamunyamula ndi manja awa pamaso pa wansembe. Ndikamuyang'ana bwanji? Ndikamuuza kuti bambo ake a ubatizo amagawa zotani?"

"Mukamuuza monga mwandiuzira ine."

Don Nabor anapukuta nkhope ndi epuloni yake. Anadzuka, anaivula, anaipinda bwinobwino n'kuiika pa mpando.

"Tiyeni," anatero. Anzake awiri aja nawonso anatenga zipewa.

* * *

Ku polisi kuja, Nereida anamvetsera zonse chiimirire, manja atapinda pachifuwa. Bambo ake a ubatizo ankayankhula akuyang'ana nsapato zawo. Atamaliza, mtsikanayo anakhala pa mpando kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo.

"Inu?" anatero motsitsa. "Inu amene munkandigulira nsapato za sukulu?"

"Ine ndemwe, mwana wanga. Undimenye ngati ufuna."

Sanawamenye. Anatembenukira kukhomo komwe Doña Amparo anaima, wapolisi wamkazi atawagwira pamkono, ndipo nkhope yake inagwa ndi manyazi.

Doña Amparo sankamuyang'ana n'komwe. Maso awo anali pa Celestino.

"Bwana, ndamva zonse. Koma mundiuze chimodzi, ndipo musandinamize chifukwa ndine mayi wamkulu. Kapiritsi kaja ndinawaika pansi pa lilime, ndi kamene kanawagwetsa?"

Celestino anafunitsitsa kunama. Bodza lake linali lokonzeka kale pa lilime, laling'ono, lachifundo. Koma mayiwa akanalizindikira, ndipo dokotala akanawauzabe.

"Ndi komweko, Doña Amparo. Kanakumana ndi linzake lija. Munachita zimene anakuphunzitsani, ndipo munthu aliyense wokonda mwamuna wake akanachita chimodzimodzi."

Mayiwo anayang'ana zala zawo ziwiri, chachikulu ndi cholozera, nthawi yaitali.

"Ndi dzanja ili," anatero.

Pamenepo ndi pamene Nereida anadzuka. Anapita n'kuligwira dzanjalo ndi manja ake onse awiri, ndipo analira mokweza, kupepesa kosamveka bwino. Doña Amparo anamusisita kumsana ndi dzanja linalo.

"Basi, basi. Unkateteza bambo ako. Tiye, tachedwa."

Foni ya pa tebulo inalira. Celestino anamvetsera pang'ono, n'kutenga makiyi a galimoto.

"Atsegula maso," anatero.

* * *

Anafika ku chipatala dzuwa litayamba kufiira. Celestino anaima pakhomo la chipinda, Don Nabor ali kumbuyo kwake, chipewa chili m'manja. Don Fulgencio anali ataonda m'tsiku limodzi lokha, timapaipi tili m'mphuno. Atangoona diresi loyera likulowa, anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Tembenukani kuno, bambo inu," anatero Doña Amparo.

Sanatembenuke.

"Fulgencio Lagunes, ndagona pa thabwa chifukwa cha inu. Khoma limenelo lakuchitirani chiyani?"

Pang'onopang'ono bambowo anatembenuka. Maso anali odzaza misozi.

"Amparo, ndachita zopusa. Anandiseka, ndiye ndinaganiza kuti kamodzi kokha... Ndimafuna tsiku lathu likhale lapadera."

"Kodi ndinadandaulapo?"

"Ayi."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ayi."

"Nanga munkafuna kusangalatsa ndani? Ine, kapena madoda a dazi aja?"

Kumbuyo kwa Celestino, Don Nabor anafwenthera m'chipewa.

"Ine ndinakwatiwa nanu ndikudziwa kuti mtima wanu ndi wotopa," anatero Doña Amparo, mawu atafewa. "Ndinaudziwa, ndinaufunabe. Ndinakhala ndekha zaka khumi ndi ziwiri ndisanakupezeni, ndipo sindikufuna kubwererako. Mwamva? Mukalambe pamaso panga, ndi zokhazo ndikupempha."

"Ndamva, mayi."

Nereida anayamba kufunsa namwino za mankhwala, Don Nabor anayamba kupepesa kuchokera pakhomo pomwepo, ndipo namwino ankauza onse kuti achuluka m'chipindamo. Doña Amparo sanawasamale. Anakokera mpando pafupi, anakankhira pambali kachingwe ka makina mosamala, n'kutsamiritsa khutu lawo pachifuwa pa amuna awo.

"Khalani chete nonse," anatero, maso atatsinzina. "Ndikumvetsera."